Masipeya Amene Sanali M'sitolo

Ndisanadziwe kuti adzakhala aphunzitsi anga, ndinawaona akumenyedwa pachipata cha msika wa Ndirande. Linali Loweruka m'mawa, mvula itangokata. Anyamata a malaya ofiira anali atamanga chingwe pakhomo kuti aliyense wolowa aonetse khadi la chipani. Bambo wina wamtali, wovala kachisoti koyera ka Chisilamu, anaonetsa lake. Anawafunsa la akazi awo, omwe anali pambuyo ndi dengu, ali oyembekezera. Anaonetsanso. Mnyamata mmodzi analoza mimba ya mayiwo n'kunena kuti amene ali m'katimo akufunikanso khadi.

"Akabadwa mudzamufunse yekha," anatero bambowo.

Mpini wa khasu unawapeza pakamwa. Atagwa, anyamata anayi anawazinga n'kumawamenya mateche, wina atawaponda pakhosi kuti asadzuke. Mayi aja anataya dengu n'kugwada m'matope, akupepesa. Ife tinangoima pamzere, makhadi m'manja, maso pansi. Anyamatawo atatopa, bambowo anakhala tsonga n'kuyamba kufufuza m'matope ndi zala. Anatola mano awiri, kuwapukuta pamalaya, kuwaika m'thumba. Ine ndinalowa mumsika kukagula bonya ndi tomato monga anandituma amayi.

Patapita miyezi ingapo ndinalembedwa ntchito pakampani ina ya malole ku Makata. Ndinali nditaphunzira kutaipa ku Limbe, ndipo ndinkaganiza kuti andikhazika pa taipilaita. M'malo mwake anandilowetsa m'kachipinda kozizira kumapeto kwa khonde, momwe munali kompyuta imodzi ya malemba obiriwira ndi pulinta yolira ngati nyenje. Woyang'anira kachipindako atamwetulira, ndinaona mpata wa mano awiri aja. Sindinawauze kuti ndinalipo tsiku lija. Ndinayamba kuwatchula kuti aphunzitsi, iwo ankandiitana kuti achemwali.

Ntchito yanga inali kulowetsa m'kompyuta ndandanda wa masipeya a m'sitolo ya kampaniyo: matayala, malamba, mafiluta, mabawuti, ndiponso masiku amene lole iliyonse ikuyenera kulowa m'garaja. Mapulogalamu onse osunga zimenezi analemba okha aphunzitsi. Anaphunzira m'mabuku awiri ong'ambika omwe mzungu wina anasiya pochoka. Masana anzathu akapita kukadya chiwaya kuseri kwa mpanda, iwo ankandikhazika pafupi n'kumandionetsa mmene amalankhulira ndi makinawo.

Choyamba anandiphunzitsa za matumba. Pulogalamu imasunga chinthu chilichonse m'kathumba kokhala ndi dzina.

"Zinenero zina za makompyuta zimafuna muyambe mwalumbira kuti thumba ili ndi la manambala, ndipo mukaikamo dzina zimakana," ankatero. "Chathuchi sichifunsa. M'mawa muikamo nambala ya lole, masana dzina la dalaivala, madzulo deti. Chimangolandira."

Chachiwiri chinali kachizindikiro aka, &, kamene iwo ankakatcha kambedza. Mukaika kambedza kutsogolo kwa dzina la thumba, makina amatsegula thumbalo, ndipo mawu amene apezamo sawaona ngati mawu chabe, amawamvera ngati lamulo. Poyamba sindinaone phindu lake. Koma abwana ankasintha maganizo sabata iliyonse: lero akufuna ndandanda wa matayala okha, mawa wa malole oyenda ku Mwanza, mkuja wa zonse ziwiri. Aphunzitsi anatopa ndi kulemba pulogalamu yatsopano nthawi zonse. Analemba imodzi yomwe inkafunsa kuti mukufuna chiyani, kenako iyo yomwe inkalemba pulogalamu ina mzere ndi mzere, kuiyendetsa ndi kambedza, n'kuifufuta ntchito ikatha. Nditaona koyamba pulogalamu ikulemba inzake, ndinaimirira pampando. Iwo anaseka mpaka kutsokomola.

Ndinadzalakwitsa mwezi wachitatu. Ndinaika mawu olakwika m'thumba lomwe linali ndi kambedza, ndipo makina anafufuta ndandanda wonse wa matayala. Ndinalira, poganiza kuti ntchito yatha. Aphunzitsi anatulutsa disiki m'kabati n'kubwezeretsa zonse.

"Mwaonatu," anatero. "Makina safunsa kuti mawuwa walemba ndani, kapena ngati amafunadi zimenezo. Amene wafika pathumba ndiye bwana."

Munthu wina amene ankalowa m'kachipindako tsiku lililonse anali woyang'anira sitolo ya masipeya, yemwenso anali tcheyamani wa nthambi ya chipani pantchitopo. Tonse tinkangoti atcheya. Anali bambo wamfupi, wokhala ku Ndirande, nyumba zochepa chabe kuchokera kwa amayi anga ku Goliyo. Ankayenda ndi rula m'thumba la jekete, yoyezera masiketi athu ngati akubisa mawondo. Tsiku lina makaniko wina anapukutira manja a girisi panyuzipepala yomwe inali ndi chithunzi cha mtsogoleri wa dziko. Atcheya anaitana alonda awiri kuti amugwire, n'kulowetsa dzanja lake mu vaisi, chitsulo chopanira zinthu m'garaja. Ankakhwimitsa pang'onopang'ono, akumufunsa kuti wamutuma ndani. Kulira kwa mafupa tinakumva tili pakhonde. Apolisi anadzamutenga makanikoyo masana, ndipo sanabwererenso pantchito. M'mawa mwake atcheya anabwera kudzatenga ndandanda wawo wa masipeya, n'kundifunsa mwaulemu ngati amayi adzuka bwino.

Ndinagwira ntchito imeneyo zaka zitatu. Chaka cha chilala chachikulu chija ndinali ndi mwana wamkazi wa miyezi isanu ndi iwiri. Bambo ake tinali titasiyana, ndipo masana ankatsala ndi amayi. Chaka chomwecho m'matchalitchi ena munawerengedwa kalata yodzudzula boma, ndipo tauni inasintha. Timapepala topanda dzina tinayamba kupezeka pamipando ya minibasi, m'zimbudzi za m'mafakitale, pansi pa zitseko. Apolisi ankalowa m'maofesi kufuna makina okopera mapepala ndi makompyuta, n'kumatenga aliyense wowagwiritsa ntchito. Mtsikana wina amene tinaphunzira naye kutaipa anatengedwa atavala gogoda zake za kuntchito, ndipo abale ake anakhala mwezi osadziwa kumene ali.

Tsiku lina ndinaona kuti makina akuti masipeya alipo ambiri kuposa amene ankatuluka papepala la atcheya. Ndinatsegula ndandanda wonse ndekha, osadzera m'pulogalamu ya aphunzitsi. Kumapeto kwenikweni ndinapeza mizere yoposa zana ya masipeya amene sindinawamvepo. China chinali "alajn". China chinali "ulufu". Ndinaganiza kuti ndi mayina a Chijapani, popeza malole ena anali ochokera kumeneko. Ndinayang'anitsitsa liwu lachiwirilo, diso langa n'kuliwerenga kuchokera kumapeto. Ufulu. Linzake lija linali njala.

Ndinadikira mpaka masana, khonde litakhala zii.

"Aphunzitsi, ulufu ndi sipeya ya lole iti?"

Anatseka chitseko, n'kukhala pansi. Sanakane.

"Ndimafuna musadziwe, achemwali. Muli ndi khanda."

"Nanga akabwera, adzafunsa ngati ndili ndi khanda?"

Kenako anandionetsa zonse. Mawu a timapepala tija anawaduladula n'kuwabisa ngati mayina a masipeya, olembedwa chobwerera. Pulogalamu yosindikiza timapepalato munalibe m'kompyutamo. Munthu akanatsegula mafayilo onse sakanaipeza, chifukwa mizere yake inalinso yobisika pakati pa masipeya omwewo. Pamalo pamene tinkalemba nambala ya sipeya tikamafufuza, iwo anasiyapo khomo. Mukayamba ndi kachizindikiro ka kanyenyezi, *, makina sankafufuza sipeya. Ankatola mizere ija, kuitembenuza, kulemba pulogalamu, kuiyendetsa ndi kambedza, kusindikiza pepala, n'kuifufuta. Ankachita zimenezi Lachisanu masana, n'kutuluka ndi pepala limodzi m'sokosi popita kumzikiti. Amene ankalichulukitsa sanandiuze, ndipo sindinafunse.

Anandipatsanso manambala ena anayi, a lamba wa fani wa lole yomwe inagulitsidwa kalekale.

"Awa musawalembe penapake. Kanyenyezi, kenako manambalawa. Makina adzalemba mayina a mabawuti ndi mawashala pamwamba pa mizere yonse ija, kenako adzatsegula pulogalamu yofufuzirayo n'kuchotsa khomolo. Sindikukuuzani kuti muchite nawo zangazi. Ndikufuna mudziwe pothawira."

"Bwanji osangofufuta lero?"

"Mwana wanga anabadwa wakufa sabata imene anandimenya kumsika," anatero. "Mayi ake anagwa pondikoka. Sindinafufute zimenezo, ndipo izi sindifufuta."

Ndinaloweza manambalawo pobwerera kunyumba, ndikudumpha ngalande za ku Makata.

Pasanathe mwezi, ogwira ntchito m'mafakitale ananyanyala. Cha m'ma teni koloko m'mawa tinamva chiphokoso chikuchokera kumsewu, kenako geti lathu likugwedezeka. Analowa mazana, atanyamula nthambi ndi miyala, akufuula kuti aliyense atuluke. Magalasi a malole anaphwanyidwa onse. Ndinaona atcheya akuvula baji ya chipani, kuibisa m'sokosi, n'kudzipanikiza kuseri kwa mulu wa matayala. Aphunzitsi anakhoma kachipinda kathu n'kundiuza kuti ndithamangire kwa mwana.

Msewu wokwera ku Ndirande unali utadzaza. Masitolo ena anali atathyoledwa, anthu akutuluka ndi matumba a ufa, mabulangete, mipando. Kenako kunabwera galimoto za apolisi, ndipo sanachenjeze. Kulira koyamba kwa mfuti ndinakuyesa matabwa akugwa. Mayi wina ankathamanga pambali panga atasenza thumba la shuga. Ndinamva ngati wina wamenya chinsalu chonyowa pamwala, mayiyo n'kukhala pansi mwadzidzidzi. Shuga ankatayikira pamiyendo pake n'kumafiira. Anandiyang'ana ngati akufuna kufunsa njira. Sindinaime. Patsogolo pang'ono bambo wina ankayenda pang'onopang'ono atagwira chibwano chake ndi manja awiri, magazi akudutsa pakati pa zala. Ndinalowa m'kanjira ka pakati pa nyumba, nsapato imodzi itatsala m'ngalande, ndipo ndinafika kwathu ndikukwawa pansi pa zingwe za zovala. Amayi anali atalowa pansi pa bedi ndi mwana. Mfuti zinalira mpaka tsiku lotsatira.

Titabwerera kuntchito sabata inayo, atcheya anali atavalanso baji yawo. Anali munthu amene waonedwa akubisala, ndipo ankafuna wina woti alipire manyaziwo.

Chimene chinatigwiritsa sichinali m'kompyuta. Pulinta yathu inkalemba ndi tisingano tomenya riboni, ndipo kamodzi kanali katathyoka. Chilembo chilichonse chinkatuluka ndi kamzere koyera pakati. Tinali titazolowera moti sitinkakaonanso. Atcheya anatola kapepala kena m'chimbudzi cha madalaivala, ndipo ngakhale kanali kokopedwa kangapo, kamzere kaja kankaoneka. Anakaika pambali pa ndandanda wawo wa masipeya, n'kupita nazo zonse ziwiri kupolisi.

Anabwera Lachiwiri m'mawa, amuna atatu ovala zawamba. Wamkulu wawo anali ndi jekete la bulawuni ndipo ankalankhula motsitsa mawu. Anaika mapepala awiri aja patebulo n'kufunsa kuti amagwiritsa pulinta ndani.

"Ndine," anatero aphunzitsi. "Mayiwa amangolowetsa manambala."

Wina anawagwira pakhosi n'kumenyetsa nkhope yawo pangodya ya tebulo, kawiri. Kachisoti kanagwera pansi. Anazula chingwe cha pulinta, kuchipinda pawiri, n'kuyamba kuwakwapula nacho kumsana ndi m'mutu. Wa jekete uja anatsegula dirowa ya kabati yachitsulo, kuikamo zala za dzanja lawo lamanja, n'kuitseka ndi phazi. Anachita zimenezo katatu. Ine ndinali nditakanirira kukhoma. Sindikudziwa kuti ndinanena chiyani, koma mbama inandipeza pakhutu lakumanzere, dziko n'kulira ngati belu. Anatitulutsa kudzera pakhonde, anzathu onse ataima m'makomo. Alonda ananyamula kompyuta ndi pulinta kutsatira pambuyo. Atcheya ndiwo anatsegula geti.

Anandiika m'chitolokosi cha amayi, momwe tinalimo oposa makumi awiri ndi chidebe chimodzi. Ambiri anali mataipisiti ndi masekeletale. Pofika tsiku lachiwiri mabere anga anali atauma gwa ngati miyala, mkaka ukudontha mpaka bulauzi kuuma ngati chikopa. Mayi wina wachikulire wa ku Bangwe ankandithandiza kufinyira m'chidebe chija.

Ankatiitana masana, mmodzimmodzi. Chipinda chofunsira chinali ndi zenera lalikulu, ndipo kunja ndinkaona apolisi ena akusewera bawo pansi pa mtengo. Wa jekete ankafunsa funso limodzi lokha, kuti makalata a patimapepala tija ali pati m'kompyutamo. Tsiku loyamba anandimenya ndi paipi ya pulasitiki m'mapazi. Tsiku lachiwiri anandigoneka pansi, wina n'kuima pamsana panga. Tsiku lachitatu anaona madontho pabulauzi yanga.

"Uli ndi khanda iwe?"

Anatulutsa pulayasi m'dirowa. Zimene anachita pabere langa lakumanzere sindinauzepo ngakhale amayi anga. Sindinapirire. Ndinakuwa kuti zili m'ndandanda wa masipeya, kumapeto, zolembedwa chobwerera, ndipo ndiwaonetsa. Ndinanena zimenezo ndi pakamwa panga, ndipo ndikanadziwa mayina a anthu ndikanawatchula onse.

Ananditengera m'chipinda china momwe anali atalumikiza kompyuta yathu. Munali bambo wina wa magalasi ndi tayi, wodziwa makompyuta, amene anamubwereka ku ofesi ina ya boma. Anali atakhala masiku awiri akutsegula mafayilo osapeza kalata. Pakona, pansi, panali aphunzitsi. Ndinawazindikira ndi malaya. Nkhope inali itatupa moti maso sankaoneka, ndipo dzanja lamanja linali lakuda, atalitsamiritsa pabondo ngati si lawo.

"Tionetse," anatero wa jekete.

Ndinakhala pampando ndili ndi mtima wowaonetsadi. Ndinkafuna mwana wanga. Ndinatsegula pulogalamu yofufuzira, makina n'kufunsa nambala ya sipeya monga ankachitira m'mawa uliwonse zaka zitatu. Sindikumbuka kuti ndinaganiza chilichonse. Chala chinapita pa kanyenyezi, kenako manambala anayi aja.

"Kanyenyeziko n'kachiyani?" anafunsa wa magalasi ali kumbuyo kwanga.

"Ndi mmene timafufuzira masipeya akale, bwana."

Kanyale kofiira ka makinawo kanayamba kuphethira. Kanaphethira nthawi yaitali kuposa masiku onse. M'chipindamo munangomveka kupuma kwa aphunzitsi, kokhala ngati kukoka madzi ndi bango. Kenako panatuluka mawu akuti sipeyayo palibe. Ndinatsegula ndandanda wonse n'kutsikira kumapeto. Panali mabawuti, mawashala, mabawuti, mawashala, mizere yoposa zana.

"Zili kuti?"

"Ndimayesa zili pano, bwana."

Anandikoka tsitsi kundichotsa pampando. Ndinagwa chagada, ndipo nsapato zinandipeza m'nthiti ndi pakhutu lomwe lija. Khutu limenelo silimvanso mpaka lero. Ndili pansi ndinaona wa magalasi atakhala pampando uja, akutsegula pulogalamu yofufuzira n'kuiwerenga mzere ndi mzere. Anayesanso kulemba kanyenyezi yekha. Makina anangoyankha kuti sipeyayo palibe. Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi tayi.

"Mulibe kanthu umu," anatero. "Mayiyu amangonena kuti mumusiye."

Ngati anazindikira zimene zinachitika pamaso pake, sanasonyeze. Sindinadzakumanenso naye.

Komabe kamzere koyera kaja kanali kokwanira. Aphunzitsi anavomera kuti ankataipa makalatawo okha n'kuwatumiza ku pulinta osawasunga, ndipo anasainira ndi dzanja lamanzere kuti ine sindinkadziwa kanthu. Ananditulutsa patatha milungu itatu. Ndinayenda wapansi mpaka ku Goliyo, ndikupuma pamthunzi uliwonse chifukwa cha nthiti. Mwana anandiyang'ana n'kubisa nkhope pachifuwa cha agogo ake. Mkaka unali utauma, ndipo anali atazolowera phala. Kalata yondichotsa ntchito inali itafika kale. Anaibweretsa atcheya okha, popeza anali oyandikana nafe.

Aphunzitsi anakhala m'ndende miyezi yambiri, n'kutuluka pamene boma linayamba kumasula anthu otere. Ndinapita kukawaona kwawo ku Chilomoni, kunyumba ya njerwa zosawotcha pansi pa phiri. Ndinawapeza pamkeka pakhonde, ataonda, zala zitatu za kumanja zitapola mokhota moti sakanagwira kapu. Akazi awo anatipatsa thobwa n'kulowa m'nyumba.

Ndinali nditakonzekera mawu anga njira yonse.

"Aphunzitsi, ndinawauza. Asanandipititse pakompyuta paja, ndinali nditawauza kale kuti zili m'masipeya."

"Ndinamva," anatero. "Khoma lake linali lopyapyala."

"Mundikhululukire."

Anayang'ana kubwalo, kumene nkhuku zinkapalasa.

"Ine ndinatchula anthu awiri tsiku lachiwiri, achemwali. Amene ankachulukitsa mapepala aja. Mmodzi anatuluka limodzi ndi ine. Winayo anali ndi matenda a shuga, ndipo anafera m'chitolokosi sabata yoyamba. Akazi ake amagulitsa makala pamsewu apa. Ndimadutsa njira ina."

Tinamaliza thobwa lija. Kenako anandifunsa ngati makina anachedwa nditalemba manambala aja. Ndinati anachedwa kwambiri. Anapukusa mutu n'kunena kuti ankadziwa, akanayenera kuilemba mwanjira ina kuti izifufuta msanga, koma analibe mpata woiyesera. Anayamba kundifotokozera mmene akanailembera, akujambula pamkeka ndi chala cha kumanzere, ndipo ndinamvetsera mpaka dzuwa linapendeka. Sanadzagwirenso kompyuta. Ankathandiza mlamu wawo kusoka zovala pakhonde la sitolo ina, akupalasa makina ndi phazi, ndipo anamwalira patapita zaka zinayi ndi chifuwa chimene anachitenga kundende.

Chaka chotsatira chilala chija anthu anavota kuti zipani zikhale zambiri. Masiku amenewo ku Ndirande kunali kuvina m'misewu, komanso kunali kusakana. Tsiku lina masana ndikuchokera kotunga madzi ndinapeza gulu la anthu pamphambano pafupi ndi kwathu. Pakati pawo panali atcheya, atakhala pansi, jekete litang'ambika. Wina anali atawatulutsa rula ija m'thumba n'kumawamenya nayo pamutu moseka. Ena ankati ndi omwewa, ena ankati ayi, awa ndi achimwene awo. Bambo wina amene ankagwira ntchito m'garaja mwathu anandiona.

"Mayi awa akudziwa. Mayi, si awa anakuperekani?"

Onse anatembenukira kwa ine. Atcheya anakweza maso n'kunditchula dzina la mwana wanga, monga ankachitira pondipatsa moni m'mawa. Ndinali ndi ndowa pamutu. Ndinati, "Ndi omwewo."

Njerwa yoyamba inawapeza pamwamba pa diso. Pambuyo pake sindinathe kuona bwino chifukwa cha miyendo ya anthu. Panali matabwa, panali unyolo wa njinga, panali mayi wina amene ankamenya ndi mthiko akutchula dzina la mwana wake. Wina anafuula kuti abweretse tayala ndi palafini, koma mphekesera inamveka kuti apolisi akubwera, gulu n'kubalalika. Apolisiwo sanabwere. Atcheya anatsala chafufumimba m'fumbi, mwendo umodzi ukugwedezeka wokha. Ndinapita kunyumba, kutula ndowa, n'kupeza kuti theka la madzi latayikira pamsana panga.

Pasanapite nthawi kunabwera akazi a atcheya, opanda mpango kumutu. Anagwada pakhomo pathu n'kupempha amayi wilibala yomwe ankanyamulira nkhuni. Anati ayenda nyumba zisanu ndipo onse akutseka zitseko, komanso palibe minibasi imene ikuvomera kuwanyamula. Amayi anatulutsa wilibalayo. Akazi a atcheyawo anali ochepa thupi, ndipo zinali zoonekeratu kuti sangamunyamule okha mwamuna wawo. Amayi anandiyang'ana. Sankadziwa zimene ndinanena pamphambano paja.

Tinawakweza awiri, ine kumapewa, akazi awo kumiyendo. Mutu wa atcheya unkalendewera kutsogolo, choncho ndinavula chitenje changa chapamwamba n'kuwatsamiritsa. Tinkasinthana kukankha, kutsika ndi msewu wa miyala mpaka kuchipatala, anthu akutiyang'ana m'makonde. Nthiti zanga zinkabaya paliponse pamene tayala lagunda mwala. Atcheya ankabuula, ndipo penapake anatsegula diso lotsalalo n'kundiyang'ana, koma sindikudziwa ngati ankaona. Akazi awo ankangobwereza kuti Mulungu akudalitseni, mwana wanga.

Anakhala moyo. Diso limodzi linafa, ndipo ankayenda ndi ndodo. Atatuluka m'chipatala banja lonse linasamukira kumudzi kwawo ku Thyolo. Akazi awo anabwera kudzatsanzika, atachapa chitenje chija n'kuchisita. Ine ndinapeza ntchito pasukulu ina ya makompyuta ku Limbe, kuphunzitsa atsikana kulowetsa manambala, ndipo ndinakhalapo zaka khumi ndi ziwiri.